Bruce Lee kapena Jackie Chan? Funso lanu landibweza pa benchi la vidiyo

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa bambo wina wakwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti anamuikira mnyamata wawo wa zaka 14 filimu yakale ya kung fu, mwanayo anangoonera pang'ono n'kuyamba kuseka, amvekere zonsezi n'zabodza, basi n'kubwerera pa foni yake. Ndiye akufunsa kuti pakati pa Bruce Lee ndi Jackie Chan dolo weniweni ndi ndani, ndipo mwanayo amuyambitse ndi filimu iti.

Bambo, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Pamene mwalemba kuti "anaseka" paja, mtima unandiwawa ngati wasekedwa ndine. Ndikudziwa chimene chinakupwetekani. Simunamuikire filimu chabe, munamutsegulira ubwana wanu, iye n'kuuona ngati chinthu chachabechabe.

Ine ndinakulira ku Ndirande nthawi imene m'dziko muno munalibe wailesi ya kanema. TVM inayamba mu 1999, ife tili anyamata akuluakulu kale. Kanema wathu anali wa m'kachipinda kena kuseri kwa golosale, pafupi ndi msika. Mawindo anatsekedwa ndi masaka, mkati muli mabenchi, kutsogolo TV imodzi ndi deki pamwamba pa tebulo. Panja pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko, ndi sipika imene inkatulutsa phokoso la zibakera kuti odutsa akopeke. Mukalowa mumapeza kutentha, fungo la thukuta ndi la chimanga chootcha. Tepi ikakhala yotha, mizere inkayenda pa sikirini, holo yonse n'kukuwa mpaka mwini wake adzuke kudzakonza. Chingerezi chake sitinkachimva, milomo ya ochita sewero inkapita kwina mawu kwina, koma palibe amene ankatuluka osadziwa kuti walakwa ndani ndipo wabwezera ndani.

Amene anandilowetsa koyamba anali achimwene anga aakulu. Ndalama yolowera tinkaipeza potola mabotolo ndi kunyamulira amayi katundu kuchokera pamsika. Tsiku limene yakwana ya munthu mmodzi, iwo ankandilowetsa ine, eni ake n'kukhala panja kumamvera pa sipika. Ndikatuluka ndinkawafotokozera filimu yonse tikuyenda, iwo n'kumandikonza, poti ambiri mwa mafilimuwo anali atawaonera kale.

Lamulo la m'chipinda chija linali limodzi: mwini filimu safa. Ndiye tsiku lina anaika Fist of Fury ya 1972. Kumapeto Bruce Lee akutuluka pakhomo, akupeza mzere wa anthu amuloza ndi mfuti, iye akuthamanga n'kudumpha kulunjika komweko, chithunzi n'kuima ali m'malere, kungomveka kulira kwa mfuti. M'holo munangoti zii. Kenaka mkangano unabuka umene unatenga mwezi wathunthu kusukulu. Ena ankati zipolopolo anazizinda, ena ankati wafa. Achimwene ananena motsitsa kuti wafa, ndipo anasankha yekha kufa ataimirira. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Bruce Lee anali wina, zimenezo sindingatsutse. Anabadwira ku San Francisco mu 1940, anakulira ku Hong Kong, anaphunzira mtundu wa kung fu wotchedwa Wing Chun kwa Ip Man, ndipo anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 zokha. Ife tinkauzana kuti anamuthira poizoni akuluakulu a ndewu chifukwa choulula zinsinsi kwa azungu. Zimene madokotala anapeza n'zakuti ubongo unatupa atamwa mankhwala a mutu. Chimene chinandidabwitsa nditakula n'chakuti mafilimu a kung fu amene iye anamaliza monga mwini filimu ndi anayi basi: The Big Boss, Fist of Fury, The Way of the Dragon ndi Enter the Dragon, imene inatuluka iye atapita kale. Game of Death anaimalizitsa anthu ena mu 1978, pogwiritsa ntchito anthu ofanana naye, mpaka kuikamo zithunzi za maliro ake enieni, chinthu chimene mpaka lero ndimachiona ngati kusowa ulemu. Ndiye mafilimu ambirimbiri aja tinkaonera, pa bolodi atalemba kuti Bruce Lee, anali a ndani? Anali a Bruce Li, Bruce Le, Dragon Lee ndi ena otero, anthu amene makampani anawapatsa maina ofanana kuti adyere pa imfa ya munthu. Achimwene ankawazindikira filimu isanapite patali. Ankati yang'ana mmene waimira. Weniweni akaima, ngakhale asanaponye kanthu, umaona kuti thupi lonse lili tcheru ngati mphaka waona khoswe. Abodzawo ankangokuwa ndi kukhudza mphuno.

Komabe ndinene zimene anzanga ambiri amakwiya nazo. Bruce Lee ndinkamuopa ndi kumusirira, koma sindinkadziona mwa iye. Amafika m'filimu akudziwa kale zonse. Mu The Big Boss muja, pafakitale ya madzi oundana ku Thailand, chimamuletsa kumenya ndi lonjezo limene anapanga kwa mayi ake, osati kulephera. Lonjezo likangoduka, nkhani yatha. Kamwana koonda ngati ine, kovala kabudula wong'ambika, kakanaphunzirapo chiyani? Munthu wotero umangomuwombera m'manja.

Jackie Chan ndiye anali wathu. Akamenya munthu chibakera, dzanja limamupweteka, amalikupiza nkhope itakwinyika. Adani akachuluka amathawa. Amatola chilichonse chili pafupi, benchi, makwerero, njinga, mbale. Ndipo moyo wake weniweni unayenda chimodzimodzi. Anabadwa mu 1954, makolo anamusiya ali wamng'ono pa sukulu ya zisudzo ya Yu Jim-yuen, kumene anakhala zaka khumi pamodzi ndi Sammo Hung ndi Yuen Biao, kudzuka m'mamawa, kudumpha, kukwapulidwa. Atatuluka anayamba ntchito yogwa m'malo mwa anthu otchuka. Mu Enter the Dragon alimo, ndi mmodzi wa alonda amene Bruce amawathyola khosi m'phanga muja. Bruce atamwalira, wopanga mafilimu Lo Wei anayesa kumusandutsa Bruce Lee watsopano, zinakanika. Zinayenda mu 1978, atamubwereketsa ku kampani ina, kumene wokonza mafilimu Yuen Woo-ping anamulola kukhala munthu wamba woseketsa mu Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master.

Pamene ndikulemba pano ndikuona kuti funso lanu lenilenilo sindikugwirizana nalo. Bruce kapena Jackie, Bruce kapena Jackie, takhala tikukangana zimenezi pa bawo ndi m'maminibasi zaka zonsezi, n'kumusiya kunja munthu amene filimu yake inaposa onsewa. Ndikunena Gordon Liu, wa mpala uja, mu The 36th Chamber of Shaolin ya 1978, yopangidwa ndi kampani ya Shaw Brothers. Kwa ine palibe filimu ya kung fu yoposa imeneyi, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere ndi yake tiiike pambali pake.

Nkhani yake ndi ya mwana wasukulu amene abale ake aphedwa ndi asilikali a Manchu, amene ankalamulira China nthawi imeneyo, iye n'kuthawira ku kachisi wa Shaolin. Akufuna kubwezera msanga, koma amayamba ndi kusesa. Kenaka zipinda, chimodzichimodzi. Kuti akadye ayenera kuwoloka dziwe poponda mitengo yoyandama, akagwa m'madzi chakudya chimudutsa. Kwina akunyamula ndowa ziwiri za madzi kukwera chitunda manja atatambasula, m'mikono atamumangirira mipeni, kuti akangotsitsa mkono mpeni umubaye m'nthiti. Kwina akuimba belu ndi nsungwi yaitali yolemera kunsonga, ndi dzanja limodzi, mpaka dzanja kutupa. Kwina akutsata kuwala ndi maso okha, mbali zonse za nkhope atamuikira timitengo ta lubani toyaka kuti asatembenuze mutu. Pakati ponse pa filimuyi mdani weniweni ndi thupi lake lomwe. Ndipo akamaliza zipinda 35, chimene amapempha ndi chipinda china chatsopano choti aziphunzitsiramo anthu wamba akunja kwa mpanda. Amene anaikonza, Lau Kar-leung, sanali wongoyerekeza. Bambo ake anaphunzira kung fu ya mtundu wa Hung Gar kwa Lam Sai-wing, amene anali wophunzira wa Wong Fei-hung weniweni, katswiri wakale wa kung fu yemwe uja Jackie Chan ndi Jet Li anadzamusewera m'mafilimu.

Titaonera filimu imeneyi, m'mawa mwake achimwene anatenga ndowa ziwiri kupita kumpopi. Kwathu kutunga madzi inali ntchito ya alongo athu, mnyamata akaoneka ndi ndowa anzake ankamuseka. Iwo anabwera nazo manja atatambasula, mikono ikunjenjemera, madzi akutayikira m'miyendo, mano ataluma. Amayi anaima pakhomo osamvetsa chimene chalowa mwa mwana wawo. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka ankafika pakhomo madzi osatayika. Pambuyo pake atayamba kuphunzira ukalipentala, bwana wawo anawasunga nthawi yaitali pa ntchito yokwecha matabwa ndi sandipepa, osawalola kugwira mpini wa chipangizo china chilichonse. Anzawo awiri anatopa n'kusiya. Ndikawafunsa, ankangoti ndidakali m'chipinda choyamba, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadzakhala mmisiri wodziwika m'dera lathu. Anatisiya zaka zapitazo, koma tebulo limene ndikulemberapo panoli ndi la manja awo, ndipo silinagwedezekepo mwendo.

Ndiye mwana akati n'zabodza, ine magazi amathamanga. Zabodza ziti? Inde, phokoso la zibakera ankaliika pambuyo, ndevu zoyera za agogo aja zinali zomata, ndipo mwina munthu ankauluka ndi waya. Koma tayang'anani pamene kamera yaima. Ili patali, thupi lonse likuoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anthu awiri akusinthana mikono ndi miyendo kambirimbiri chithunzi chisanadulidwe. Zimenezo sungabere. Mafilimu ambiri a lero amadula chithunzi pa chibakera chilichonse, kamera ikugwedezeka, kuti tisaone kuti munthuyo satha kanthu, zotsalazo imalizitsa kompyuta. Jackie Chan mu Project A ya 1983 anagwadi kuchokera pa nsanja ya wotchi, n'kubooleza matenti mpaka pansi. Mu Police Story ya 1985 anatsetserekadi pa chitsulo chokulungidwa ndi mababu oyaka, manja n'kupsa. Pojambula Armour of God ku Yugoslavia nthambi inathyoka, anamenyetsa mutu pamwala, chigaza n'kusweka, anachita kumupanga opaleshoni. N'chifukwa chake kumapeto kwa mafilimu ake amaonetsa pamene zinalakwika, anthu akumunyamula. Mwana wanu aone zimenezo kaye asanatchule mawu akuti bodza.

Nanga enawo tiwaiwale?

Filimu ya ndewu imakoma ndi mdani. Hwang Jang-lee, katswiri wa taekwondo wa ku Korea, mateche ake ankatichititsa kubwerera m'mbuyo pa benchi, ndipo pojambula Snake in the Eagle's Shadow anamugululadi dzino Jackie. Bolo Yeung akangotulukira ndi chifuwa chake chija, tiana tina tinkabisa nkhope. Koma amene ndimamukonda koposa ndi nkhalamba ya mphuno yofiira ija ya mu Drunken Master, Yuen Siu-tien, bambo ake a Yuen Woo-ping. Wauve, chikho cha mowa sichichoka m'manja, munthu woti ukakumana naye panjira sungamupatse moni, koma luso lonse lili mwa iye. Atatha kuonera, anyamata a m'dera lathu anayamba kuziyang'ana kawiri nkhalamba za pa kachasu. Anamwalira kumayambiriro kwa 1979, kutchuka kwake kutangofika pachimake.

Azimayi nawo tinkawachepetsa pokamba, chonsecho analipo. Angela Mao, mlongo wake wa Bruce mu Enter the Dragon, anali ndi mafilimu akeake amene ankagwetsa amuna ngati mapesi. Michelle Yeoh, amene analandira Oscar mu 2023, ndewu anaziyamba kalekale mu Yes, Madam ya 1985 ali ndi Cynthia Rothrock. Jet Li ndimamulemekeza, anali katswiri wa dziko lonse la China pa wushu, kung fu ya mpikisano, ali mwana, ndipo Shaolin Temple ya 1982 anaijambulira ku kachisi weniweniyo ku Henan. Kuyenda kwake n'kosalala ngati madzi. Kungoti kwa ine ndi waukhondo kwambiri, sindimva ululu wake.

Za omasulira mafilimu m'Chichewa masiku ano ndili pakati. Achita bwino, agogo kumudzi tsopano akutsata nkhani yonse. Koma ena salola kuti pakhale chete ngakhale pang'ono, amalankhula ndi pamene munthu akulira maliro a mphunzitsi wake, n'kuikapo nthabwala. Mwana amene wazolowera zimenezo amayamba kuona filimu iliyonse yakale ngati choseketsa.

Tsono yankho lanu, bambo. Pa ndewu yeniyeni ndi ulemerero, Bruce Lee. Pa luso lopanga filimu ndi kupirira, Jackie Chan. Mwanayo muyambitseni ndi Drunken Master, poti pamenepo kuseka n'kololedwa, mudzasekera limodzi. Mumuuze kuti amene anaikonza ndi yemwe anadzakonza ndewu za mu The Matrix. Kenaka Police Story, kenaka ya Gordon Liu. Pezani makope owala bwino, osati zodukaduka za pa foni, ndipo foni yanunso muiike patali. Bruce mumusungire kumapeto, The Way of the Dragon, ndewu ya ku Colosseum ku Rome ndi Chuck Norris. Ikatha ndewuyo, Bruce amatenga malaya ndi lamba wakuda wa mdani wakeyo n'kumufunditsa mtembo. Pamenepo musayang'ane TV, muyang'ane nkhope ya mwana wanu, kenaka mundilembere.