CRP yakwera: kodi mapapo a amayi awonongeka?

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwati amayi agonekedwa ndi chibayo chomwe adokotala akuti chabwera ndi vairasi, pepala la magazi lalemba CRP 110, ndiye mukufunsa ngati mapapo atheratu. Ndiyankha ngati munthu amene anagwirapo ntchito m'wodi ya odwala chifuwa, koma mawu omaliza ndi a amene akuwaona amayiwo.

CRP ndi puloteni ya m'magazi imene imakwera thupi likatupa m'kati, ndipo siichokera m'mapapo. Imapangidwa ndi chiwindi. Penapake m'thupi pakavuta, asilikali a m'magazi amatumiza uthenga, makamaka kudzera mu kamankhwala kotchedwa IL-6, chiwindi n'kuyamba kukhuthulira CRP m'magazi. Imayamba kukwera pakatha maola 6 mpaka 8, n'kufika pachimake pakatha masiku awiri. Kwa munthu wabwinobwino imakhala pansi pa 5 kapena 10, kutengera labu. Ndiye 110 ndi yokwera ndithu, ndisakunamizeni. Koma nambalayi imangotiuza kuti nkhondo yakula, siloza kumene ikumenyedwera. Malungo amaikweza, TB imaikweza, chithupsa, nyamakazi, ngakhale opaleshoni ya dzana. Moti mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti CRP yoposa 5 izithandiza kupeza amene akufunika kuyezedwa TB pakati pa akuluakulu omwe ali ndi HIV. N'chifukwa chake kwathu kuno dokotala wosamala akaona CRP yokwera amayezanso malungo, amafunsa za HIV, ndipo nthawi zambiri amatenga makhololo.

Kodi ndiye siigwirizana ndi mapapo n'komwe? Imagwirizana. Nthawi ya Covid-19 zinaoneka m'mayiko ambiri kuti odwala a CRP yokwera kwambiri ndiwo ankapezekanso ndi mapapo ooneka oyera mbuu pa chithunzi cha X-ray, chizindikiro choti agwidwa kwambiri ndi matenda, ndiponso ndiwo ankafuna okosijeni wambiri. Chifukwa chake n'chakuti pa chibayo chotere si vairasi yokha imene imawononga. Thupi likamenya nkhondo mopyola muyeso, timatumba ta mpweya m'mapapo timatupa n'kudzaza madzi, okosijeni n'kumalephera kuwolokera m'magazi. Kumeneko ndi kumene kunachokera nzeru yopereka dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa: kafukufuku wa RECOVERY ku Britain mu 2020 anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa kwa amene ali pa okosijeni kapena pa makina opumira, koma osati kwa amene akupuma okha bwinobwino. Ndanena izi dala, chifukwa m'gulu muno muli aphungu ambiri amene amati kagule ku famase. Musagule. Kwa wodwala wosayenera angangowonjezera mavuto, makamaka ngati ali ndi shuga.

Pepala lanu mwina lili ndi zina. Ferritin ndi nkhokwe ya ayironi, koma nayo imakwera thupi likatupa m'kati. LDH imatuluka m'maselo amene aphulika, kaya a m'mapapo, a chiwindi kapena a magazi. D-dimer imakwera magazi akamaundana, koma imakweranso kwa amayi oyembekezera ndi okalamba. Yang'ananinso ma lymphocyte, mtundu wina wa asilikali a m'magazi, pa pepala lowerenga maselo a magazi (full blood count): akatsika kwambiri, asilikali ena otchedwa ma neutrophil n'kukwera, madokotala amatchera khutu.

Ine chimene chinkandiuza zoona msanga si pepala, ndi kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi. Mu January 2021 ndinaona bambo wina atakhala tsonga pabedi, foni kukhutu, akuuza mkazi wake za mbuzi zoti zikamwetsedwe. Kumupana chala, 84. Ndinasintha chala, ndinam'tikita dzanja kuti litenthe, n'kuyezanso: 84 yomweyo. Iye ankati wangotopa. Choncho afunseni anamwino kuti okosijeni wa amayi ali pa zingati, akulandira malita angati pa mphindi, ndipo malitawo akukwera kapena akutsika poyerekeza ndi dzulo. Pansi pa 92 timayamba kuda nkhawa, pansi pa 90 ndi matenda aakulu. Kupuma muthanso kuwerenga nokha muli pambali pa bedi: kopitirira ka 30 pa mphindi kwa munthu wamkulu, itanani namwino. Dziwaninso kuti pa khungu lakuda kachipangizoka nthawi zina kamalemba nambala yokwererapo kuposa yeniyeni, ndiye ngati kakuti 93 koma amayi akubanika polankhula, musakhale chete. Ngati ali ndi utoto wa m'zikhadabo, uchotseni, poti umasokoneza kachipangizoka.

Pa CRP, funsani kuti ayezanso liti. Imatsika msanga zinthu zikayamba kuyenda bwino, pafupifupi theka pa tsiku kutupa kukaleka. Kuchoka pa 110 kufika pa 60, okosijeni akucheperanso, ndi nkhani yabwino ngakhale X-ray ikhale yosasangalatsa, poti chithunzi chimachedwa kusonyeza kuti mapapo achira, nthawi zina milungu 6 kapena kuposa munthu atachira kale. Koma ikatsika kenako n'kukweranso, thupi n'kutenthanso, makhololo n'kusintha mtundu, pamenepo amaganizira zoti mabakiteriya alowerera, ndipo mwina asintha mankhwala.

Mawa madokotala akamayendera odwala mukakhale pomwepo ndi kabuku. Mukalembe tsiku, CRP, okosijeni ndi malita, kuti amene adzakulandireni pa ugadiyani adzapitirize pomwepo.