Ndinkabisala kuseri kwa kamera

Imelo yanu, achimwene, ndinaiwerenga ndili m'basi pochokera ku shifiti ya usiku, ndipo ndinapitirira siteji yanga. Funso lenilenilo ndi lalifupi: mwakhala kunja kuno miyezi 8, mumapita ku mashoo a nyimbo nokhanokha, zithunzi za pa foni zimatuluka zakuda komanso zambuu, ndiye mugule kamera yanji? Koma kumapeto munaikako kamzere kena, kakuti mukagwira chojambulira m'manja simuchita manyazi kuima nokha pakati pa anthu osawadziwa. Kamzere kameneko ndi kamene kanandipitiriza siteji.

Matenda anuwa ndinadwalapo. Nyengo yanga yoyamba yachisanu kuno, dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane. Kupita kuntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima, ndipo munthu amene ndinkalankhula naye kawirikawiri anali dalaiva wa basi, mawu awiri basi, moni ndi zikomo. Tsiku lina ndinaona chipepala pakhoma chonena za bandi yoimba m'chipinda chapansi pa bala ina, ndipo ndinalowa. Nyimbo zinali bwino ndithu, koma vuto langa linali manja. Munthu ukakhala wekha pagulu manja amasanduka katundu. Ukawapisa m'thumba ukuoneka ngati wapolisi wachinsinsi, ukawapinda pachifuwa ngati wabwera kudzalonjerera ngongole. Aliyense anali ndi mnzake womukuwira m'khutu, ine ndili njo pafupi ndi chipilala, kudikira kuti nyimbo ithe ndiombe m'manja, manjawo apezeko ntchito.

Mwezi wotsatira ndinagula kamera ya kaunjika, yokhala ndi lenzi imene imabwera nayo m'katoni. Zinthu zinasintha usiku womwewo. Anthu omwe aja anayamba kundipatukira njira. Munthu wa kamera safunsidwa kuti wabwera ndi ndani, aliyense amangoti ali pantchito.

Koma usiku woyambawo ndinachita manyazi amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimatsinzina. Ndinayenda mphindi 20 pachisanu kamera ili pakhosi, kenako n'kulowa m'kachipinda kotentha, kodzaza mpweya wa anthu. Nditangochotsa chivindikiro, galasi la lenzi linachita nthunzi ngati chivundikiro cha mphika. Ndipukute ndi malaya, nthunzi ibwerere. Ndipukutenso, ibwererenso. Theka loyamba la shoo zithunzi zonse zinali nkhungu yokhayokha. Nthunzi itatha, woimba wake, mayi wina wa gitala, anayamba kanyimbo kapansipansi, m'chipindamo muli zii. Ine kamera ili pa Auto, ndinadina batani, kafulashi kaja n'kudzitukula kokha, ng'anii! pankhope pake penipeni. Anasiya kuimba. Anaika dzanja pachipumi n'kunena kenakake komwe sindinakamve bwino chifukwa cha kalankhulidwe kawo ka kuno, chipinda chonse n'kufa nazo nseko. Baunsa anabwera n'kundigwira paphewa, mwaulemu wake ndithu, koma ulemu wina umapweteka kuposa khofi.

Sindinasiye. Ndinaphunzira, ndipo kwa zaka ziwiri ndinali munthu wa kamera uja. Lachisanu lililonse, Loweruka lililonse, zithunzi 800 kapena 900 usiku umodzi. Lamulungu ndinkakhala pa kompyuta tsiku lonse kusankha, kenako n'kuponya pa Facebook kuti a kumudzi aone kuti mnyamata zikumuyendera. Ankayankhadi kuti koma mukunjoya kunjako. Sankadziwa kuti wonjoyayo sanalankhule ndi munthu aliyense usiku wonse.

Chinanditsegula m'maso ndi funso la mnzanga wa kuntchito. Lolemba lina anangofunsa mocheza kuti bandi ija inaimba bwanji. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Ndinkakumbukira kuti woimba ng'oma anamuika pa getsi lofiira loipa, kuti wa gitala ankakonda kutembenukira kumanzere, kuti pa nsanja panali chitsulo cha maikolofoni chomwe chinkandidulira nkhope ya woimba pakati. Koma nyimbo ngakhale imodzi, ayi. Ndinalipira pakhomo, ndinaima maola atatu patsogolo penipeni, ndipo sindinamve kalikonse. Diso limodzi lotsinzina, lina lili pakabowo, makutu atapita kutchuthi.

Apa ndiye ndilankhula mosapsatira, ngakhale ena akwiya. Kwa munthu amene ali yekha kudziko la eni, kamera ikhoza kukhala mpanda. Imakupatsa chifukwa chokhalira pamalopo, inde, koma imakupatsanso chifukwa chosalankhulira ndi munthu. Ukuoneka wotanganidwa, ndiye palibe amene akuyamba. Ambiri a ife amene timazungulira m'mashoo ndi zikwama za malenzi sitinakonde kujambula poyamba, tinaopa kuima tokha. Ndipo zithunzi za munthu wobisala zimaonekeratu: zonse zojambulidwa cham'mbali, chakumbuyo, mozemba ngati zakuba.

Taonani zithunzi za Malick Sidibé mumve zomwe ndikunena. Mkuluyu anali wa ku Bamako, ku Mali, ndipo m'zaka za m'ma 1960, dziko lawo litangolandira ufulu, ankazungulira m'madansi a achinyamata usiku ndi kamera yake. Ankakhoza kufika m'maphwando angapo usiku umodzi, kenako n'kukatsuka zithunzi, achinyamata aja n'kumabwera ku situdiyo yake kudzadziona ndi kusankha zoti agule. Ankagwiritsa ntchito fulashi, chinthu chomwe ine chinandichititsa manyazi chija, koma palibe ankadandaula chifukwa ankamuitana okha. M'zithunzi zake anthu akumuyang'ana ngati mnzawo, akuvinira iyeyo. Mu 2007 anamupatsa mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, ndipo anamwalira mu 2016. Zida zake, tikaziyerekeza ndi kamera iliyonse ya lero, zinali zachikale zedi. Chimene anali nacho n'chakuti anthu a m'dansimo ankamudziwa dzina.

Za mbuu zomwe mukudandaulazo, nazonso tisamazikuze kwambiri. Mu September 1979 ku New York, Pennie Smith anajambula Paul Simonon wa gulu la The Clash akumenyetsa gitala yake ya besi pansi. Chithunzicho sichinagwire bwino, ndi chambuu ndithu, mwakuti wojambulayo sankafuna kuti chigwiritsidwe ntchito. Anyamata a bandi anaumirira, chinakhala pachikuto cha chimbale chawo, ndipo lero ndi chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri pa nkhani ya nyimbo. Sindikuti mbuu uliwonse ndi luso, ayi, wambiri ndi mbuu basi. Koma chithunzi chakuthwa cha munthu atangoima kukamwa kuli yasa pa maikolofoni, aliyense ali nacho.

Kale ndinkapsa mtima ndi oimba oletsa kujambula. Kate Bush atabwerera pa nsanja ku London mu 2014, patapita zaka 35 chichitireni ulendo wake woimba wa 1979, anapempha anthu kuti m'mashoo ake onse 22 asajambule, akufuna kuona nkhope osati mafoni. Jack White mu 2018 anafika potsekera mafoni a anthu m'timatumba ta Yondr, toti sungatsegule mpaka utatuluka m'holo. Ndinkati kudzimva. Pano ndimawamvetsa, ngakhale katumba kokhoma kaja sindinakakondebe, kamandikumbutsa za kusukulu. Chomwe ndimanena motsimikiza n'chakuti kujambula m'mabwalo akuluakulu a anthu masauzande n'kutaya nthawi. Malo ambiri otere salola n'komwe kamera yochotsa lenzi ngati mulibe chiphaso cha atolankhani, ndipo ngakhale atolankhaniwo kawirikawiri amawapatsa nyimbo zitatu zoyambirira, popanda fulashi, kenako atuluke. Inu muli kumbuyo uko, woimba akuoneka ngati nyerere, mukujambula chisikirini. Chisikirini! Kulipira tikiti kuti mukajambule TV.

Ine chinandipulumutsa ndi batire. Kunja kukazizira batire limatha msanga, ndipo usiku wina, nditaima nthawi yaitali pamzere panja, linathima nyimbo yachitatu ili mkati. Lapadera ndinaliiwala pa chaja kunyumba. Ndinatukwana chamumtima, n'kuika kamera m'chikwama, manja aja n'kubwereranso kukhala katundu. Pambali panga panali bambo wina wachikulire wa jekete lachikopa lothetheka m'zigongono. Anandiyang'ana n'kunena kuti wakhala akundiona miyezi yambiri, ndipo lero ndi koyamba kuona nkhope yanga yonse. Tinaseka. Anandiuza kuti woimba ng'oma ndi mphwake, ndipo shoo itatha anandikokera kuseri kukandionetsa kwa anyamatawo. Wa besi anafunsa ngati ndili ndi zithunzi zawo. Ndinali nazo zoposa 2,000, za miyezi yonseyo, zomwe eni ake anali asanaonepo ngakhale chimodzi. Tangoganizani. Zinkangopita kwa anthu akutali omwe bandiyo sakuidziwa n'komwe.

Ndinawatumizira 12. Sabata yotsatira dzina langa linali pa pepala la pakhomo, la anthu olowa osalipira. Patapita mwezi ndinali kuwathandiza kunyamula masipika kukweza masitepe aja, ndipo anzanga ambiri amene ndili nawo mumzinda uno ndinawapezera pa masitepe amenewo. Kuyambira pamenepo lamulo la atolankhani lija ndinalitenga kukhala langa, ngakhale palibe wondikakamiza: nyimbo zitatu, kamera m'chikwama. Nthawi zina ndimaitulutsanso pa nyimbo yomaliza, oimba atatuluka thukuta, chifukwa nkhope zabwino zimabwera pamenepo. Zodabwitsa n'zakuti zithunzi zinayamba kukoma. Ukamvetsera nyimbo umadziwa pomwe woimba akokere mpweya, pomwe wa ng'oma akweze ndodo, ndipo umadikira pamenepo m'malo mongowombera ngati mfuti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame.

Ndisanaiwale, makutu. Malo abwino ojambulira amakhala pafupi ndi sipika, ndipo khutu langa lakumanzere limalira mpaka lero kukakhala chete. Akatswiri amati phokoso la madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 munthu angalipirire maola 8, koma likafika 100 ndi mphindi 15 zokha, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2022 linalangiza kuti malo oimbira asamapyole 100 imeneyo. Gulani zotsekera m'makutu zopangira oimba, zimene zimachepetsa phokoso osapha nyimbo. Zimenezi mugule musanagule lenzi.

Tsono za kamera ija

Mtundu wake usakuvuteni. Canon, Nikon, Sony, Fujifilm, iliyonse ya kaunjika ya zaka 10 zapitazi yochotsa lenzi ikwanira. Ndalama ikani pa lenzi yosakoka, ya 50mm f/1.8, kapena 35mm f/1.8 ngati kamerayo ili ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake) yaing'ono. Lenzi ya m'katoni ija mukaikoka mpaka kumapeto imatsekeka kufika f/5.6, pomwe f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10. Mdima wanu uja wathera pomwepo. Chotsani pa Auto muike pa M, pomwe zonse mumasankha nokha: shutter (kachitseko kotseguka ndi kutsekeka pojambula) pa 1/250 ya sekondi kuti woimba asachite mbuu akamasuntha, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) f/2, ISO (mphamvu yomwe kamera imamvera kuwala) 3200 kapena 6400, ndipo timadontho tomwe timabwera ndi ISO yokwera musatiope. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wolola kukonza chithunzi bwino pambuyo pake), yezani kuwala pankhope ya woimba osati pa mdima wakumbuyo, thimitsani fulashi ndi kagetsi kothandiza kuloza kaja. Mukaona mizere yopingasa pachithunzi, ndi magetsi a LED akulimbana ndi shutter yosalira yomwe makamera ena ali nayo, bwererani ku yolira. Getsi likakhala lofiira lokhalokha musalimbane nalo, chithunzicho mudzachisandutse chakuda ndi choyera. Pochokera kozizira, kamera ikhale m'chikwama chotseka mphindi 20 kapena 30 isanatuluke, batire lapadera m'thumba lamkati mwa jekete.

Ndipo pitani msanga, oimba akuyesa zida, mukafunse ngati mungajambule. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa pamaso pa mayi wa gitala uja. M'malo ang'onoang'ono ambiri amavomera ndi manja awiri, chifukwa alibe wowajambula. Mukatero muwatumizire zithunzi 10 zabwino pasanathe masiku awiri, muwauze kuti akaziponya atchule dzina lanu.

Mayi uja, pajatu, ndinakumana nayenso patapita zaka zitatu, pa shoo ya anyamata anga aja. Ndinapita kukapepesa. Anali ataiwala kalekale, ndipo anandifunsa ngati chithunzicho chinatuluka bwino. Chinatuluka ali chitsinzinire, dzanja lili m'mwamba, nkhope yoyera mbee ngati mzukwa. Anati ndimutumizirebe.