Superman ndi Hulk: poyamba tigwirizane kuti tikunena uti

Achimwene, mwafunsa kuti Superman ndi Hulk atagwirana angagwe ndani, komanso chifukwa chake Hulk wa m'mafilimu amaoneka wofooka kusiyana ndi wa m'makomiki. Ine ndikuti Superman. Koma musanandiwombere m'manja kapena kundikalipira, tiyambe takonza funsolo, chifukwa mkangano umenewu umalephera kutha pomwe aliyense wanyamula Superman wake ndi Hulk wake m'mutu.

Superman si mmodzi. Amene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anatulutsa mu Action Comics nambala 1 mu 1938 sankauluka n'komwe. Ankangodumpha mtunda wa mamita pafupifupi 200, kuthamanga kuposa sitima ya pamtunda, ndipo bukulo linanena kuti chipolopolo chophulika cha mzinga chikanatha kuboola khungu lake. Ameneyu Hulk angamupsinje ngati nsikidzi. Kuuluka kunabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, mwala wa kryptonite, umene umamufooketsa, unayambira m'sewero la pa wailesi mu 1943, ndipo pofika m'ma 1960 alembi anali atamukweza mpaka kumakankha mapulaneti. Mu 1986 John Byrne anamuchepetsa mphamvu dala, chifukwa munthu amene palibe chomuopseza ndi wovuta kumulembera nkhani yogwira mtima. Superman wochepetsedwayu ndi amene anafa pomenyana ndi chilombo chotchedwa Doomsday mu 1992, nkhonya zokhazokha, popanda kryptonite. Amene ali kumbali ya Hulk, umboni wanu wamphamvu ndi umenewu: chilombo chongodalira nyonga chinamuphapo kale.

Hulk nayenso ndi chimodzimodzi. Woyamba wa Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1962 anali wotuwa, ndipo anasanduka wobiriwira m'buku lachiwiri chifukwa mtundu wotuwawo unkavuta posindikiza. Pali wobiriwira waukali woyankhula ngati mwana, pali wotuwa wochenjera wotchedwa Joe Fixit amene mphamvu zake n'zocheperapo, pali wanzeru za Banner, wasayansi amene amasanduka Hulk, ndiye pali wa m'nkhani ya World War Hulk ya 2007, amene kuponda kwake kokha kunagwedeza gombe lakum'mawa la America. Lamulo lake ndi limodzi: akamakwiya kwambiri mphamvu zimakwera. Ndiye nthawi ili kumbali yake. Ndewu ikatalika, iye amapindula.

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Amafanizira kunyamula zinthu basi, ngati kuti ndi mpikisano wonyamula matumba a chimanga. Ngakhale mabuku a Marvel, kampani yosindikiza makomiki a Hulk, ofotokoza mphamvu za ngwazi zawo, amene anayamba kutuluka cha m'ma 1983, sathandiza kwenikweni pamwambapa. Spider-Man anamuika pa matani 10, zomwe n'zomveka, koma onse opitirira matani 100 anangowaunjika m'gulu limodzi. Hulk ndi Thor ali momwemo, ndipo nambalayo sikukuuzani kuti wamkulu ndani. Zochita zawo nazonso ziwerengedwe bwinobwino. Anthu amakonda kutchula komiki ya Secret Wars ya 1984, pomwe phiri la matani 150 biliyoni linagwetsedwa pa ngwazi za Marvel. Hulk sanalinyamule n'kuliponya. Analichirikiza kuti lisawaphwanye, thukuta lili kamukamu, ndipo mmodzi wa ngwazizo, Reed Richards, anachita kumamunyoza dala kuti mkwiyo usazirale pomwe iye ankakonza njira yotulukira. N'chinthu chachikulu ndithu, koma chinenedwe monga chinachitikira.

Mukafuna kufanizira mwachilungamo, sankhani nyengo imodzi kwa aliyense, mugwirizane malo a ndewu, munene ngati wina wapatsidwa nthawi yokonzekera, komanso ngati akumenya monga amachitira mwa khalidwe lawo kapena akufuna kupha. Kenako tayani chochita chachikulu kwambiri ndi chaching'ono kwambiri cha aliyense, mutsale ndi zimene amachita kawirikawiri pansi pa alembi osiyanasiyana. Superman wa m'komiki ya All-Star Superman, mwachitsanzo, musamulowetse, chifukwa mphamvu zake zinachuluka atamwa dzuwa mopyola muyezo ndipo zimenezo zinali kumupha.

Mukatero, Superman amapambana chifukwa cha liwiro ndi kuuluka, osati nyonga. Hulk amadumpha patali, koma akakhala m'malere sangakhote. Superman angathe kumuzemba, kumuwotcha ndi maso ali patali, kapena kumunyamula n'kukamusiya m'mlengalenga mkwiyo usanafike pachimake. Hulk alibe chilichonse mwa zitatu zimene zimafooketsa Superman: kryptonite, kuwala kwa dzuwa lofiira ndi matsenga. Mwayi wake uli pa khalidwe la mdani wakeyo. Superman amadziletsa, amayamba n'kuyankhula, amaima kuti alandire nkhonya poteteza anthu apafupi. Ndewu ikachitikira pakati pa mzinda, mphindi iliyonse imene Superman wataya populumutsa anthu ndi mphindi imene Hulk akukula. Zikatero, makamaka ndi Hulk wa 2007, sindingatsutse amene akuti Hulk.

Awiriwa anakumanapo kale papepala. Mu 1981, m'buku lophatikiza Superman ndi Spider-Man, Superman atalimbitsa mapazi pansi, Hulk anamumenya koma Superman sanasunthe. Koma uja anali Superman wa nyengo yokankha mapulaneti. Mu 1996, m'nkhani yomenyanitsa ngwazi za DC, kampani ya Superman, ndi za Marvel, Superman anapambananso. Iyi musaidalire kwambiri, chifukwa ndewu zisanu zinagamulidwa ndi mavoti a owerenga. Voti yomweyo inapatsa Wolverine chigonjetso pa Lobo ndi Storm pa Wonder Woman, zimene anthu akutsutsanabe mpaka lero. Voti imayeza kutchuka, osati nkhonya.

Ngati mukufuna wa ku Marvel amene angamuvutitsedi Superman, yang'anani Thor. Amauluka, amalimba, ndipo nyundo yake Mjolnir ndi yamatsenga, ndiye imagunda pamene pali pofewa. Mu JLA/Avengers ya Kurt Busiek ndi George Pérez, komiki yokumanitsa gulu la Superman ndi la Thor yoyambira mu 2003, Superman anagwira nyundoyo ndi dzanja ili pakati pomugwera n'kumugwetsa Thor, koma anatsala wopanda mphamvu moti anzake a Thor anamugonjetsa pomwepo. Ndewu imeneyo inalembedwa ndi munthu wodziwa bwino mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndimaiona ngati muyezo wabwino kuposa ya mavoti ija.

Za Batman, popeza wina adzamutchula ndithu: pomenyana ndi Superman mu komiki ya The Dark Knight Returns ya Frank Miller ya 1986, Batman anali ndi chovala chachitsulo cholumikizidwa ku magetsi a mzinda, Green Arrow anaponya muvi wa kryptonite yopanga, Superman anali asanachire bwino ku bomba la nyukiliya, ndiponso sankafuna kupha mnzake. Chotsani chimodzi mwa zimenezi, nkhani yasintha.

Tsono za mafilimu. Mu Avengers: Infinity War ya 2018, Thanos, mdani wamkulu m'filimuyo, anamugwetsa Hulk m'kanthawi kochepa koyambirira kwenikweni. Cholinga chinali choti oonera amuope Thanos msanga, ndipo njira yachidule ndi kumumenyetsa amene aliyense akumudziwa kuti ndi chiphona. Alembi amachita zimenezi kawirikawiri, ndipo wozunzika amakhala Hulk, Thor kapena Wolverine. Chinanso n'chakuti filimu ya maola awiri kapena atatu yokhala ndi ngwazi zambiri siingalole mmodzi kukhala wotha kuthetsa vuto lonse yekha, ndiye lamulo lija loti mkwiyo ulibe malire amangolibisa. Hulk wa m'filimu mufanizeni ndi Superman wa m'filimu, wa m'komiki ndi wa m'komiki. Ndiye tiuzeni, achimwene, mukunena Hulk uti, wa chaka chiti, ndipo akumenyanirana kuchipululu kapena m'tauni?