Achimwene, musanatumize ndalama ku Joni, rediyeta ijayo isiyeni kaye

Funso lanu ndinaliona usiku uja, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi chifukwa si nkhani ya mizere iwiri. Mwati muli ndi purosesa ya Ryzen 7 5800X3D ndi graphics card (khadi yotulutsa zithunzi) ya RTX 3080, ndipo kukangotentha chonchi kompyuta imalira ngati chigayo. Mukufuna kuimangira mapaipi a madzi oiziziritsa ngati aja mumaona pa YouTube, olimba owala aja okhala ndi madzi amtundu, ndipo msuweni wanu akubwera kuchokera ku Joni mu Disembala, atha kukunyamulirani zipangizo. Mwatinso mwapeza rediyeta ya aluminiyamu yotchipa. Ine ndamangapo kawiri. Koyamba ndinalira, kachiwiri ndi kamene ndinagona tulo, ndiye ndikuuzani mmene ndikanachitira ndikanakhala inu.

Tiyambe ndi rediyetayo, chifukwa ndi pamene pali ngozi. Musagule. Ma block, timbale todutsamo madzi timene timakhala pa purosesa ndi pa graphics card, pafupifupi onse ndi a kopa, ena amakutidwa ndi nikelo, ndipo ma fitting (zolumikizira mapaipi) ambiri ndi a brass. Zitsulo zitatuzi zimagwirizana. Koma mukalowetsamo aluminiyamu, madzi n'kumazungulira pakati pake ndi kopa, mwapanga kabatire. Aluminiyamuyo imayamba kudyeka pang'onopang'ono, zinyenyeswa zake zimakatseka timizere tating'ono ta mkati mwa block, ndipo tsiku lina rediyeta imaboola. Wina anena kuti nanga ma AIO aja, zoziziritsira za madzi zogula zomangamanga kale, si ambiri ali ndi rediyeta ya aluminiyamu ndi mbale ya kopa? Zoona, koma mmenemo opanga anathiramo madzi a glycol okhala ndi mankhwala oletsa kudyekako, n'kutseka, ndipo sayembekezera kuti muzitsegula. Zanuzi muzidzatsegula ndi kuthira nokha. Gulani rediyeta ya kopa basi, ndalama imene mukuganiza kuti mwapulumutsa pa yotchipayo mudzailipira pa block ya 3080.

Tsopano chinthu chimene ambiri sachimvetsa poyamba. Madzi sathetsa kutentha, amangokunyamula kuchoka pa chipu kupita ku rediyeta. Amene amakutaya ndi rediyeta ndi mafani ake, ndipo amakutayira m'chipinda mwanu momwemo. RTX 3080 imadya mawati 320, purosesa yanuyo analembapo mawati 105, ndiye mukamasewera muli ndi kambaula ka mawati pafupifupi 400 pansi pa tebulo. Kambaulako sikachoka ngakhale mutamanga mapaipi a golide. Komanso madziwo sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda. Anzathu a ku Ulaya akamaonetsa kuti madzi awo ali pa madigiri 30, kumbukirani kuti chipinda chawo chili pa 21. Inu mu Okutobala masana, pansi pa malata, chipinda chili pa 33, ndiye madzi anu akakhala pa 42 kapena 43 musadabwe, zili bwinobwino.

N'chifukwa chake ndimati ndalama zambiri zipite ku rediyeta, osati ku zonyezimira. Kawerengedwe kamene omanga ambiri amatsatira ndi koti malo a fani imodzi ya 120 mm amakwanira mawati 100 ngati mukufuna mafani aziyenda mwakachetechete. Kwa inu ndiye kuti rediyeta imodzi ya 360 (ya mafani atatu) ndi imodzi ya 240 (ya mafani awiri) ndi poyambira. Koma poti kwathu kuno n'kotentha, ine ndingati ma 360 awiri, ochindikala 30 mm. Musanayitanitse, tengani tepi muyeze kesi yanu, pamwamba ndi kutsogolo, muwerengerenso 25 mm ya fani. Ngati sizikulowa, ndiye kuti kesi nayo ili pa mndandanda wogula. Kesi ya Lian Li O11 Dynamic imatchuka chifukwa chomwechi, imalandira ma 360 mpaka atatu, kungoti ndi chimphona choti msuweni wanu angakudandaulireni pa basi.

Ndinenenso zimene mwina simukufuna kumva. Magemu sadzathamanga kwambiri kuposa pano. Mwina mudzapeza kakuwonjezeka kochepa chifukwa khadi ikazizira imasunga liwiro lake, koma si koti n'kuona ndi maso. Chimene mukugula ndi bata ndi kukongola. Ndipo 5800X3D ijayo idzakukhumudwitsani pang'ono: opanga ake a AMD anasanjika cache (memory yothamanga ya purosesa) yowonjezera pamwamba pa chipu, moti kutentha kumavutika kutuluka, ndiye ngakhale pa madzi madigiri ake amakonda kukhala m'ma 70. Malire ake ndi 90, musade nkhawa. Amene amasintha zenizeni ndi graphics card. Yanga inkafika m'ma 70 apamwamba mafani akukuwa, pa madzi inatsikira m'ma 50. Ndipo 3080 ili ndi memory ya GDDR6X imene imatentha koopsa, kufika madigiri 100 si zachilendo, ndiye block yokuta khadi yonse imathandiza pamenepo kwambiri. Ndalama zikachepa, ikani madzi pa khadi yokha, purosesa muipatse kula (choziziritsira) ya mpweya ngati Thermalright Peerless Assassin, imene ndi yotchipa koma imagwira ntchito modabwitsa.

Ndisanaiwale, sabata ino yomwe yesani zaulere. Tsegulani pulogalamu ya MSI Afterburner mutsitse voteji ya khadi, mupukute fumbi m'mafani, mwina musinthe thermal paste, kaphala kopaka pakati pa chipu ndi choziziritsira. Pali anthu amene atachita zimenezi anapeza kuti chigayo chija chatonthola, nkhani ya madzi n'kuthera pomwepo. Ngati mtima ukadali pa madzi, chabwino, tipitirize.

Block ya graphics card ndi pamene anthu amataya ndalama mopusa. Kunena kuti 3080 sikukwanira. Ya Founders Edition, ya ASUS TUF, ya MSI Gaming X Trio, ya Gigabyte, iliyonse ili ndi bodi yosiyana, ndipo block ya ina sikhala pa inzake. Tembenuzani khadi, werengani dzina lonse pa kasitika, mufufuze pa tsamba la opanga block ngati dzinalo lilipo. Khadi imeneyi inatuluka mu 2020, ndiye ma block ake ayamba kusowa m'masitolo. Yang'anani a Alphacool, Watercool Heatkiller ndi EKWB, kapena a ku China a Bykski ndi Barrow amene ndi otsika mtengo koma amagwira ntchito. Mutsimikize kaye kuti block yapezeka musanagule china chilichonse, chifukwa popanda iyo zonsezi n'zopanda pake. Ya purosesa ndi yosavuta, ingoonani kuti yalembedwa AM4, dzina la soketi ya purosesa yanu.

Pampu musanyinyirike nayo. Tengani ya mtundu wa D5, yolumikizana kale ndi thanki yake. Ndi yofatsa, imakhala zaka, ndipo imadziziziritsa ndi madzi omwewo. Mtundu wina, DDC, ndi yaing'ono ndipo imakankha mwamphamvu, koma imatentha ndipo kaphokoso kake n'kosongoka. Timapampu totchipa topanda dzina tija tisiyeni, chifukwa pampu ikaima mkati mwa gemu mumangoona kompyuta yazima yokha. Lamulo la pampu ndi limodzi: isazungulire youma, ngakhale kwa masekondi ochepa, chifukwa madzi ndi amene amafewetsa bering'i yake. N'chifukwa chake thanki imakhala pamwamba pa pampu. Kupatula pamenepo, zoti madzi ayambire ku purosesa kapena ku khadi musataye nazo tulo, amayenda mwachangu moti kusiyana kwake ndi digiri imodzi kapena awiri. Dutsitsani paipi njira yaifupi.

Za mapaipi olimba aja, achimwene, ndikupemphani mudikire ulendo wachiwiri. Mapulasitiki ake, PETG ndi acrylic, amafuna heat gun yowafewetsera, kamphira kolowetsa mkati popinda, chodulira, chosalazira m'mphepete, ndiponso mapaipi ambiri oti muononge pophunzira. Munthu wa ku Berlin akapinda molakwika amayitanitsa ena mawa lake afika. Inu mukalakwitsa paipi yomaliza, mudikira msuweni abwerenso Isitala. Komanso PETG imayamba kufewa madzi akayandikira madigiri 60, ndipo kwathu kotentha kuno, fani imodzi ikaima osadziwa, simuli kutali kwenikweni. Tengani paipi yofewa ya EPDM, yakuda ija ngati ya m'galimoto, ya 10/16, kutanthauza 10 mm mkati ndi 16 mm kunja. Siipindika chisawawa, ndipo siitulutsa zonyansa ngati ya PVC yoonekera ija imene imachita mbuu pakapita miyezi. Mamita atatu akukwanirani. Imaoneka bwino ndithu, ngati injini yosamalidwa.

Ma fitting agwirizane ndi paipiyo ndendende, 10/16 pa 10/16, osati 10/13. Mazinga ake onse ndi a muyezo umodzi wotchedwa G1/4, ndiye mitundu yosiyana imalowana. Werengani awiri pa chipangizo chilichonse: block ziwiri, marediyeta awiri, pampu ndi thanki ngati chimodzi poti n'zolumikizana, akwana 10. Onjezani awiri apadera, ena anayi okhota madigiri 90, zotsekera zingapo, ndi valavu yokhetsera madzi pamalo otsikitsitsa. Valavu imeneyi ine ndinaiona ngati yongowonongetsa ndalama ulendo woyamba. Tsiku lokhetsa madzi ndinapezeka ndanyamula kompyuta yonse pamwamba pa beseni, mayi akunyumba atagwira paipi, madzi akuyenderera m'chigongono. Mpaka lero amandikumbutsa. Pomanga, mangani ndi dzanja lokha. Sipanala imang'amba acrylic, ndipo tepi yoyera ya mapulambala ija siifunika, chimene chimatseka madzi ndi kamphira kozungulira ka pa fitting. Kamphirako kaoneni kamodzikamodzi musanamange. Kulira kwanga koyamba kunali komweko: kamodzi kanagwa pansi pa tebulo osaona, ndipo dontho linatsikira pa khadi. Mwayi wake magetsi anali asanalumikizidwe.

Madzi othiramo akhale distilled, osati apampopi, osati apamjigo, ngakhale a m'botolo akumwa aja ayi, onsewa ali ndi mchere umene umakhala ngati zoyera zija za m'ketulo. Madzi othira m'batire ya galimoto amene amagulitsa pa filing'i amatheka ngati botolo lalembedwa distilled kapena deionised, kungoti muwerenge bwino musatenge asidi. Madzi okhawo sakwanira, pakapita nthawi mumamera ndere, ndiye msuweni akutengereni concentrate yoonekera, yopanda utoto. Ya EK CryoFuel kabotolo ka 100 ml kamapanga lita imodzi, ndipo tiwiri tingakukwanireni n'kutsalako. Amtundu wa mkaka aja, a pinki ndi oyera oti mbee, chikomekome cha mkuyu. Muli tinthu tosasungunuka timene timadikha m'timizere ta block, ndipo kuti mutichotse mudzamasula block yonse n'kumatsuka ndi mswachi. Mukafuna mtundu, upezeni ku magetsi a mafani. Rediyeta yatsopano muitsuke kaye: thirani madzi ofunda a distilled, tsekani, khutchumulani, khuthulani m'mbale yoyera, mudzaona tizinyalala takuda totsalira powotcherera. Bwerezani mpaka atuluke oyera.

Mukamaliza kumanga, apa ndi pofunika kudekha. Zulani mawaya onse a power supply ku motherboard, ku khadi ndi ku ma drive, patsale pampu yokha. Pa waya wa mapini 24 ikani kapulagi kodumphitsa, kamagulitsidwa motchipa, kuti power supply iyake popanda motherboard. Yalani tishu pansi pa fitting iliyonse. Thirani madzi m'thanki, yatsani, madzi akatsala pang'ono kutha zimitsani, thiraninso, choncho mpaka azungulire. Pendeketsani kesi uku ndi uku kuti mpweya utuluke, mudzamva ukuguguza m'rediyeta. Kenako isiyeni iziyenda maola 24, muzikhudza tishu uja ndi chala. Magetsi akathima pakati, onjezerani maolawo akabwera. Ngati ndalama ilipo, kapampu koyesera ndi mpweya n'kabwino koposa: mumapopa mpaka theka la bar, n'kuyang'ana muvi kwa mphindi 15, ukapanda kutsika ndiye kuti palibe pothonya, musanathire n'dontho lomwe.

Kanthu kamodzi kotchipa kamene ndimakakonda ndi sensa ya kutentha kwa madzi, yomanga pa bowo la G1/4. Ngati motherboard yanu ili ndi polumikizira sensa, mafani aziyendera kutentha kwa madzi osati kwa purosesa, apo ndi pamene amasiya kukwera n'kutsika ngati munthu wa befu. Zoti magetsi akathima pampu iwononga zinthu musaope, imazima limodzi ndi kompyuta. Pa UPS ingowerengerani mawati ena 20 ndi pang'ono.

Walira mvula walira matope, ndiye dziwiranitu kuti madzi muzidzasintha kamodzi pachaka, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa muzipemerera fumbi m'marediyeta mwezi uliwonse, apo ayi zipsepse zake zimatsekeka ngati sefa ya ufa. Ndipo ngati mumakonda kunyamula kompyuta pa minibasi kukasewera kwa anzanu, iwalani, kapena muzikhetsa kaye madzi.

Tumizani pagulu pano chithunzi cha kasitika ka kumbuyo kwa khadi ndi dzina la kesi yanu. Tikaona ngati block yake ikupezeka ndi ngati ma 360 awiri akulowa, tilembera limodzi mndandanda woti mupatse msuweni, mwezi wa Novembala usanathe kuti masitolo a kumeneko akhale ndi nthawi yotumiza katunduyo kwa iye.