Kuona ngati odwala akulandira kope la fomu yachilolezo

Achimwene a ku Kasungu, mwafunsa za mmene mungaonere ngati odwala obwera kojambulira (ku X-ray ndi sikani) akulandira kope la fomu yachilolezo imene amasaina. Musangowerenga mafayilo a kojambulira. Funsani odwalawo pakhomo akamatuluka. Fayilo imangosonyeza kuti munthu anasaina, osati kuti anapita ndi kope kunyumba.

Tengani odwala 30 otsatizana amene anafunika kusaina, monga obayidwa mankhwala a contrast (othandiza kuti ziwalo zioneke bwino pachithunzi) kapena otengedwa kanyama mothandizidwa ndi sikani. Ojambulidwa pachifuwa chabe asiyeni. Pa aliyense onani ngati kope lili m'manja kapena m'buku lake la kuchipatala, ngati pali tsiku ndi dzina la amene anamufotokozera, komanso ngati mboni inasaina pomwe wodwala anadinda chala. Onse 30 ayenera kukhala ndi kopelo.

Vuto kawirikawiri limakhala fomu ya tsamba limodzi. Ikalowa m'fayilo, wodwala amachoka chimanjamanja, pomwe pepala la kaboni likanathetsa nkhaniyo. Otumizidwa ku Kamuzu Central kukajambulitsa CT (sikani yoonetsa bwino m'kati mwa thupi) muwawerenge padera, poti amasainira komweko. Mukakonza vutolo, mubwerezenso kafukufukuyu pakatha miyezi itatu.

Mayina a odwala musalembe. Uzani kaye akuluakulu achipatala, ndipo ngati mukufuna kudzasindikiza zotsatira, funsani a National Health Sciences Research Committee (komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi) musanayambe.