Wa direct uja musamulole agwire chitofu chanu

Asisi, mwafunsa za uvuni wanu wopsereza pamwamba pansi pali posapsa, ndi pleti yosatentha pa 1 ndi 2. Musathamangire kugula chitofu china, ndipo amene wakuyankhani kuti angolumikiza direct, kulambalala thermostat (kachipangizo kozimitsa uvuni ukatentha mokwanira), musamumvere. Uvuni ukamapsereza pamwamba pansi pali posapsa, nthawi zambiri ndi element (chitsulo chotenthetsa) ya pansi imene yafa, yatsala ya pamwamba yokha. Za pleti yanu yosatentha pa 1 ndi 2 ndifikako. Mundilole kaye ndilankhule, mtima wanga wawawa.

Mukukumbukira 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankangobwera pakati pa usiku kwa maola ochepa. Ine ndimakhalira masikono, ndimaperekera azimai ogulitsa ku Kapata kuno ku Chipata, ndiye ndinkaphika nthawi imeneyo anthu ali mtulo. Uvuni wanga unayamba zomwezi zanuzi. Anandilozera mkulu wina woyenda ndi kachikwama ka ma screwdriver m'komboni muno, akuti ndi katswiri. Sanayeze chilichonse. Anangogusa ndi ka tester kake koyaka kaja n'kunena kuti amai, thermostat yapita, yatsopano ichokera ku Lusaka. Ndalama ndinapereka, ya thermostat ndi ya ntchito. Anabwera, anagwada kumbuyo kwa chitofu, anatseka, anati zatheka.

Usiku umenewo ndinali ndi oda ya chinkhoswe cha mwana wa aneba. Malaiti atangobwera ndinaika pa 200, kulowetsa matileyi awiri, n'kukhala pansi kukanda ufa wina. Kagetsi kofiira kaja kamene kamazima uvuni ukafika pa moto wake sikanazime. Kununkha kunayamba ngati nsomba yowola, amene munapsetsapo soketi mukudziwa. Ndikutsegula chitseko cha uvuni, moto lawi! Masikono akuyaka okha ndi majarini ake, utsi wakuda wandimenya kumaso, maso osaona. Ma knob afewa, ukagwira akumata chala. Kumbuyo kukumveka thethethe, kukuthetheka. Mwana wanga wamng'ono wadzuka akutsokomola, akundikoka chitenje, ine manja ali ufa okhaokha. Swichi ya pakhoma ili kuseri kwa utsi, sindikuifika. Ndinathamangira ku bokosi la ma breaker n'kugwetsa yaikulu, nyumba yonse bii. Mumdimamo mnyamata wa aneba walowa ndi ndowa ya madzi akufuna akhuthulire pachitofu, ndinachita kumugwira dzanja, osadziwa ngati ndagwetsa yoyenera. Alandilodi atulukira ndi tochi, sakufunsa ngati tili moyo, akufunsa za siling'i yawo. Kunja kukucha ndinali pa mbaula, mchenga pansi pa poto, makala pa chivundikiro, kuphika masikono a eni pang'onopang'ono, makalanso chaka chimenecho atakwera mtengo.

Mukudziwa zimene anachita munthu uja? Thermostat yanga yakale inali momwemo, yabwinobwino. Anangozula mawaya ake awiri, kuwapotera pamodzi, kukulunga tepi yakuda. Ndiye palibe chozimitsa element, imangotentha osaleka. Element ya pansi, imene inali vuto lenileni, sanaiyang'ane n'komwe. Foni yake inasiya kulowa. Nditakumana naye ku Down Shops akuti amai, malaiti anabwera ndi mphamvu, si ine. Mphamvu yake iti imene imakulunga tepi? Mpaka lero akuyenda ndi kachikwama kake, akulowa m'makhitchini a anthu, wakuba wopanda manyazi. Dzina sinditchula, koma a ku Mchini ndi Nabvutika mukamuona wa tepi yakuda m'thumba la shati, tsekani geti.

Ndiye asisi, anthu a mumsewu ayi, pezani wamagetsi wa mapepala ake. Ngakhale kunena zoona amene anandikonzera ine ndi kamnyamata kokonza maayironi ndi maketulo ku Saturday Market, pepala kalibe, koma kali ndi multimeter, kamakina koyezera magetsi, ndipo kamakuonetsa manambala. Anazimitsa pakhoma, anamasula element, anayeza. Yamoyo ya 1500 W imaonetsa pafupifupi 35 ohms, ya 2000 W pafupifupi 26. Yanga sinaonetse kanthu, ndipo titaitulutsa inali ndi potupa pamene inaphulikira. Wina aliyense akanena kuti chakuti chafa, muuzeni ayeze inu mukuona.

Pleti yanuyo: mapleti achitsulo aja mkati mwake muli mawaya otenthetsa angapo, swichi ndi imene imawaphatikiza mosiyanasiyana kuchokera pa 1 mpaka 6. Pa manambala otsika moto umadutsa mwa onse motsatizana, ndiye mmodzi akaduka pamenepo pamazizira, koma pa 6 otsalawo amatenthabe. Imeneyo ndi yosintha, siikonzeka. Koma ikakhala yozizira pa manambala onse, kapena ikungofiira osamvera, yambani mwakayikira swichi kapena waya wopsa pamene walumikizidwa. Supu ndi phala la nsima zosefukira zimalowa pansi n'kudyetsa dzimbiri timapini tolumikizira mawaya. Mphemvu ndi makoswe nazonso zimakonda kumbuyo kofunda kuja.

Zamkati musatsegule nokha, magetsi a 230 V si masewera. Komabe gwetsani breaker, mukokere chitofu kutsogolo, muchotse kachitsulo ka kumbuyo muone pamene waya wamkulu walowera. Pakakhala pakuda kapena pulasitiki wasungunuka, sikuluu inamasuka, ndiye chimene chimanunkha. Chitofu cha mapleti anayi chimafuna waya wake wa 6 mm, breaker yake ya 30 kapena 32 A, ndi swichi yake pakhoma. Pulagi wamba wa 13 A amathera pa 3000 W, mapleti awiri akulu okha amupitirira kale, koma ndimaona anthu m'nyumba za lendi atachilumikiza pa extension pamodzi ndi firiji. Ndipo mukamamva kugwedeza mukagwira poto, makamaka muli osavala nsapato pa simenti yonyowa, waya wa earth uja wobiriwira ndi wachikasu sanamangidwe kapena element ikudontha moto. Pamenepo lekani kuphikira lero lomwe.

Zina si matenda n'komwe. Madzulo komboni yonse ikayatsa nthawi imodzi mphamvu imatsika, ndipo ikafika pa 200 V pleti imangopereka magawo atatu mwa anayi a moto wake, madzi a nsima amachedwa kuwira, inu n'kumati chitofu chatha. Zitofu za wotchi ya manambala, malaiti akapita n'kubwera wotchi imaphethira, ndipo zambiri uvuni suyaka mpaka mutaikanso nthawi. Mlamu wanga analipira munthu chifukwa cha kabatani kameneko. Onaninso labala ya pachitseko, ikang'ambika moto umathawa, keke imapsa mbali imodzi.

Mukamakagula element pitani nayo yakaleyo m'manja, zimasiyana kutalika ndi mapindidwe ngakhale zonse zili za Defy. Ndipo chilichonse chimene wokonza wanena kuti wasintha, chakalecho akusiyireni pa tebulo asanalandire ndalama.