Udzudzu umasankhadi anthu owaluma

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Akuti akakhala pakhonde madzulo udzudzu umathera pa iwo, amuna awo osalumidwa n'kamodzi komwe. Ndiye akufunsa ngati akatswiri ofufuza ubongo wa udzudzu anapezapo chaphindu, kapena amangodya ndalama.

Mayi, mawu omalizawo andikhudza, ndipo ndikukana.

Taonani ntchito ya Leslie Vosshall wa ku Rockefeller University ku New York. Mu 1999 anali m'modzi mwa oyamba kupeza timapuloteni tomvera fungo pa tinyanga ta Drosophila, kantchentche kamene kamaunjikana pa nthochi zowola. Atatembenukira ku udzudzu wa Aedes aegypti, gulu lake mu 2013 linaononga dala kachidutswa ka chibadwa kotchedwa orco. Udzudzu wotero unasiya kukondera munthu kuposa nyama, ndipo fungo la mankhwala opaka othamangitsa udzudzu otchedwa DEET silinkaubweza mumpweya. Koma ukatera pakhungu lopakidwa DEET unkathawabe. Mu 2019 anapeza chifukwa: umamva mankhwalawo ndi miyendo. N'chifukwa chake kudontheza pang'ono pamkono sikokwanira. Malo aliwonse osapakidwa, udzudzu ukhoza kuterapo.

Funso lanu lenileni analiyankha mu 2022. Anthu 64 anavala nsalu za nayiloni pamikono, nsaluzo n'kuziika kuti udzudzu usankhe. Ena ankaukoka kwambiri, ndipo pakhungu pawo panali ma asidi ambiri a mtundu wa carboxylic. Atawayesanso patapita nthawi yaitali, okoka udzudzu anali omwewo. Simukulota ayi.

Chaka chomwecho anaonetsa kuti selo limodzi lomvera fungo mu udzudzu limatha kukhala ndi mitundu ingapo ya timapuloteni tija. Mukatseka njira imodzi, umakupezani ndi ina, kuwonjezera mpweya umene mumapuma ndi kutentha kwa thupi. Ine ndiye ndimati phindu lalikulu lagona pamenepa. Aliyense wokugulitsani kachibangili kapena kachipangizo kolira akuti kathetseratu udzudzu, akukuberani, ndipo kafukufukuyu ndi amene amatipatsa mphamvu yonena zimenezo.

Tisasokoneze zinthu: Aedes amaluma kwambiri masana ndipo amafalitsa dengue ndi chikungunya, osati malungo. Wathu wamalungo ndi Anopheles. Komabe nzeru ya fungo inafika kale kwa iyeyo. Pachilumba cha Rusinga ku Kenya anaika misampha ya Suna, yoyendera mphamvu ya dzuwa, yotulutsa fungo lofanana ndi la munthu. Zotsatira za 2016 zinaonetsa malungo atatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Kuno ku Chikwawa, Anopheles funestus anapima kale ku mankhwala ophera udzudzu a pyrethroid, n'chifukwa chake kunabwera masikito okhala ndi PBO, mankhwala othandiza kuti pyrethroid agwirenso ntchito. Mankhwala akamafooka chonchi, wodziwa mmene udzudzu umaganizira ndi amene tidzamufune.

Nanga inu mutani?

Pakani DEET paliponse poonekera, makamaka mapazi ndi akakolo, poti Anopheles amakonda kumeneko. Valani masokosi pakhondepo. Tsekani mpata wa pakati pa khoma ndi denga, ikani sefa m'mawindo, ndipo masikito muziwapisa pansi pa matiresi mbali zonse. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.